Mizu ya mabanja a ku Madisi: kumene mbiri yake ingapezeke

Madisi wa lero ndi wa sitolo, zigayo, chipatala cha mishoni ndi magalimoto odutsa pa msewu wa M1 kulowera ku Kasungu. Koma midzi ya m'dera la Mfumu Chakhaza ndi yakale kuposa msewuwo, ndipo mbiri yake njolukana ndi ya mapiri a Dowa ndi Ntchisi.

Azungu asanafike, dziko lino linali la Achewa. M'zaka za m'ma 1800 Angoni a Chiwere anakhazikika chakummawa kwa boma lino, ndipo nkhondo zawo zinabalalitsa midzi yambiri. Ena anamanga malinga, ena anathawira kumapiri monga la Ntchisi. Mtendere utabwerera, mabanja anatsikira kuzigwa, koma si onse anabwerera pa mabwinja a makolo awo. N'chifukwa chake banja la ku Madisi lingakhale ndi manda a agogo ake kutali ndi kumene likulima lero.

Amishoni a Dutch Reformed, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, anatsegula Mvera mu 1889, ndipo Robert Blake anayambitsa Kongwe mu 1894. Pakati pa zaka ziwirizi, mu 1891, Britain inalengeza ulamuliro wake pa dziko lino. Kenaka kunadza boma la Dowa, msonkho wa nyumba ndi kalembera wa midzi. Malamulo a 1912 ndi 1933 anasanja mafumu m'magulu, ena pamwamba, ena pansi, ndipo kusanjako sikunatsate nthawi zonse ukulu umene eni mudzi ankaudziwa. Mikangano ina ya ufumu imene imafika ku khonsolo lero inaphuka pamenepo.

Chimene chinakuza misika ya m'chigwa ndi fodya. Kuyambira m'ma 1920 alimi a Lilongwe ndi Dowa anayamba kulima fodya wochiza ndi utsi wogulitsa, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board. Pamene panali sikelo panabwera sitolo, telala ndi wokonza njinga. Anthu ochokera m'maboma ena anapempha malo kwa mafumu, nakwatira konkuno. Ambiri mwa okhala pa Madisi ndi zidzukulu za obwera otere, ndipo kunena zimenezi si kunyoza munthu.

Povuta ndi pa kalondolondo wa mtundu. Mlembi wa msonkho ankalemba mwamuna, pamene Mchewa amawerenga mtundu kudzera kwa mayi. Mudzi umaima pa mbumba: amayi apachibale, ana awo, ndi mlongo wawo amene ali nkhoswe. Mwamuna wa chikamwini anali mlendo pamudzi wa mkazi wake ngakhale atakalambira pomwepo, ndipo mkazi wopita ku chitengwa sanataye kwawo. Dzina la ufumu limalowedwa ndi mphwake wa mfumu, poyang'ana bele lalikulu ndi bele laling'ono. Tsono dzina limodzi m'buku la boma lingakhale la anthu anayi olowana m'malo, ndipo wowerenga mosasamala adzayesa kuti munthu mmodzi analamulira zaka zana. Nacho chiwongo, kaya Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe, sichikwanira pachokha, pakuti ambiri lero amatenga cha bambo pamene munda anaulandira kuchimayi. Onjezanipo matchona amene anapita ku Salisbury kapena ku migodi ya Joni pa Wenela osabwerako, ndipo nthambi zathunthu zimasowa.

Komabe pofufuzira palipo. Mabuku a ubatizo ndi a maukwati a mipingo ya CCAP ndi Katolika amasunga maina a makolo ndi midzi yawo. Ku National Archives ku Zomba kuli zolemba za mabwanamkubwa a nthawi ya atsamunda. Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi, anasonkhanitsa zokamba za akuluakulu m'buku la Mbiri ya Achewa, nalembanso moyo wa mfumu Msyamboza ya ku Chibanzi. Koma mboni yoposa zonsezi ndi agogo aakazi a pamudzi, amene amatha kutchula mawere onse a mbumba mosadodoma, ndipo chiwerengero chawo chikuchepa chaka ndi chaka.

Nkhaniyi yafika pofunika changu chifukwa cha lamulo la malo a makolo la 2016, limene limalola kulembetsa malo otere kudzera m'makomiti a malo a m'midzi. Komiti ikadzafunsa kuti munda anaupereka ndani, kwa yani, ndipo malire anali pa mtengo uti, banja lidzafunika yankho logwirizana. Banja lingayambe ndi kope limodzi: dzina la mayi wakale amene akukumbukika, mudzi umene anachokera, ana ake aakazi motsatana ndi kubadwa kwawo, nkhoswe za m'bado uliwonse, ndi kumene aliyense anaikidwa. Zolembazo ziwerengedwe pamaso pa mbumba yonse ndi nyakwawa, kuti wotsutsa atsutse akuluakulu akadali moyo.