Uthenga wa Pakati pa Usiku: Gawo 4

Dzuwa la Okutobala litafika paliwombo, foni ya amalume inalira. Uthenga wonena za madzi a m'thanki unabwera wodukaduka, zilembo zina zitasanduka timabokosi.

"Taona, Tamanda! M'mawa kachipangizoka kamalankhula bwino, masana kamabwebweta. Chibwerere ine kuno ku Kanakantapa nthawi ya Kaunda, tomato ndimathirira ndi khasu ndi ndowa, popanda matsenga awa."

Tamanda anatsegula kabokosi kachitsulo kamene anakamangirira pansi pa thanki. Kanali kotentha moti sakanakagwira nthawi yaitali. Mkatimo munali ATtiny85, kachipu ka miyendo 8, kolumikizidwa ku SIM800L yotumiza mauthenga.

"Malume, vuto ndi nthawi. Kachipuka kamatumiza mabiti 9600 pa sekondi, biti iliyonse mamaikirosekondi 104, ndipo chilembo chimodzi chimadya mabiti 10. Wotumiza ndi wolandira aliyense amadziwerengera yekha, ngati anthu awiri osinja mumtondo umodzi. Wina akafulumira, misi imagundana."

Wotchi ya mkati mwa kachipuko, ya 8 MHz, imasintha liwiro kukatentha kapena magetsi akatsika. Ikaphonya ndi maperesenti 5, pofika kumapeto kwa chilembo wolandira amakhala akuwerenga biti yolakwika.

Analumikiza laputopu, nalamula kachipuko kutumiza chilembo U mosalekeza. Anasintha nambala ya OSCCAL, yowongolera liwiro la wotchiyo, pang'onopang'ono mpaka mzere wa UUUU unayera psiti. Kabokosiko anakafolera ndi udzu.

"Loweruka mukapita ndi tomato ku Soweto Market, ndikwera nawo ndikagule kristalo yoti ilowe m'malo mwa wotchi ya mkatiyi. Pamenepo tidzagona tulo."

Madzulo mauthenga atatu anafika opanda banga. Amalume anaseka, napha nkhuku.

Pakati pa usiku foni inaliranso. Tamanda anaiyang'ana, tulo tonse n'kubalalika. Timabokosi tija tinali titabwerera, chonsecho kunja kunali kuwomba kamphepo kozizira kochokera kumtsinje.

Anagogoda pachitseko. "Malume, dzukani. Uku si kutentha ayi. Magetsi atsika. Kachipangizo katsala ndi kabatire kakang'ono kapadera."

"Nanga batire yaikulu ya sola?"

"Wina waichotsa. Posachedwa pomwepa."

Amalume anasolola chikwanje kuseri kwa chitseko. Atasuzumira kudimba, anaona matochi awiri akuyenda pansi pa thanki. Galu wawo, amene amauwa ngakhale mbuzi yodutsa, anali pakati pa anthuwo akugwedeza mchira.

Ipitirira sabata yamawa.