Atolankhani amatsika ku Thabwa madzi akakwera

Galimoto za atolankhani zikayamba kutsikira ku Thabwa motsogozana, anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amadziwa kuti kwagwa zoopsa. Zidatero mu Januwale 2015 madzi atasefukira, mu Malichi 2019 pa namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndiponso mu Malichi 2023 pa Freddy. Atolankhaniwo amajambula misasa, matumba a ufa ndi nduna ikugawa, kenako n'kukwera mtunda kubwerera ku Blantyre.

Madzi akaphwa, nkhani nazo zimaphwa. Mabanja a ku Makhanga amene adauzidwa kuti asamukire kumtunda adapeza minda, mijigo ndi sukulu? Nanga alimi amene ngalande ya Shire Valley Transformation Programme ikudutsa m'minda mwawo akuti chiyani? Zoterezi zimamveka mwa apo ndi apo. Koma mu 2016 wailesi ya BBC itaulutsa nkhani ya fisi wa ku Nsanje, dziko lonse lidalidziwa bomalo tsiku limodzi. Nkhaniyo idali yofunika, komabe boma lathunthu silingadziwike ndi fisi ndi madzi basi.

Gwero la vutoli silobisika. Nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times zimasindikizidwa ku Blantyre, ndipo zambiri zimalembedwa m'Chingerezi, pomwe kuchigwa cha Shire anthu amayankhula Chisena ndi Chimang'anja. Mtolankhani amene alipo amakhala paboma. Kuti akafike ku Muona kapena kwina kutsidya la kum'mawa kwa Shire pamafunika mafuta, nthawi zina bwato. Ndiye amadikira galimoto ya bungwe, amalandira chipondamthengo, n'kulemba zomwe mwini galimoto adamutengera kukaona. Owerenga si ana, amazindikira.

Mpata umenewu wadzaza ndi mavoisi a pa WhatsApp ndi masamba a pa Facebook. Ena amathandizadi: kanema wa mlatho wokokoloka amafika pafoni wailesi isanalengeze. Koma masamba ambiri alibe dzina la mwini wake, ndipo akanama palibe wokamufunsa. Mphekesera si zamasewera kuno. Mu 2017 mbiri ya anamapopa, yomwe idabuka ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo, idaphetsa anthu osalakwa.

N'chifukwa chake wailesi za m'madera, monga Nyanthepa ku Nsanje ndi Gaka FM ku Bangula, zili ndi mwayi umene ena alibe. Muulutsi amayankhula Chisena, amagula nsomba pamsika womwewo, ndipo akalakwitsa dzina la mudzi amakumana ndi eni ake mawa lake. Manyazi amenewo ndiwo amamuchititsa kufufuza asanatsegule pakamwa. Tsoka lake, malonda olengezetsa ndi ochepa kuchigwa, choncho wailesi zotere zimadalira mapulogalamu olipiridwa ndi mabungwe, ndipo wolipira savuta kumukomera.

Chida china chilipo kale, chikungofuna wochigwira. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga wa m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Mnyamata wa tsamba la pa Facebook ku Nchalo kapena Ngabu, atadziulula dzina, akhoza kulembera khonsolo kufunsa kuti matumba a chimanga adabwera angati, adapita kwa mfumu iti, kenako n'kukafunsa anthu a m'midzimo ngati adalandiradi.