MBIRI YA SITORO ZA ELLERINES

Mabanja ambiri a m'midzi mwathu ali ndi mbale ku Joni. Makolo anapita ndi Wenela kufikira caka ca 1974. Ana a lero angopita okha pa basi. Ndipo yense pobwera alakalaka kutsitsa katundu pakhomo: kama, matiresi, wailesi kapena firiji. Cifukwa cace tifuna kukusimbirani mbiri ya sitoro zina za ku South Africa, dzina lao Ellerines, zimene zinagulitsa katundu wotere zaka 64.

M'caka ca 1950 mnyamata wina, Eric Ellerine, anatsegula kasitoro ku Cyrildene, m'mzinda wa Johannesburg, nakacha Eric's Furnishers. Pambuyo pace mbale wace Sydney anadza kudzathandizana naye. Masiku amenewo anali a tsankho, ndipo eni sitoro ambiri sanafune kukongoza munthu wakuda. Koma abale awiriwa anazindikira kuti wanchito, angakhale alandira pang'ono, alandirabe mwezi ndi mwezi. Tsono anamlola kupereka cikole, kutenga mpando kapena kama, ndi kulipira zotsala pang'ono pang'ono. Anthu amene anali kugona pa mphasa anagona pa kama, ndipo mbiri inawanda m'makomboni.

Malonda anakula ndithu. Mu 1969 magawo a kampani anayamba kugulitsidwa pa msika wa masheya wa ku Johannesburg. Mu 2005 Ellerines anaphatikana ndi kampani ya Relyant, mwini sitoro za Beares, kotero kuti sitoro zonse pamodzi zinaposa 1,000, zina ku Botswana, Namibia, Lesotho ndi Swaziland.

Koma akuru anati: cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Phindu lalikuru la malonda otere silicokera pa mpando wokha ai, koma pa ciongola dzanja ndi ndarama za inshuwalansi zimene aonjeza pa ngongole. Pozindikira ici, eni ace a African Bank anagula Ellerines mu 2008, ndipo wogulitsa ndi wokongoza anakhala munthu mmodzi. Ngongole zinacuruka koposa mphamvu za anthu. Zinthu zinakwera mtengo. Ndipo mu 2014 anchito a m'migodi ya platinamu ananyanyala nchito miyezi isanu osalandira malipiro. Ambiri analephera kubweza. M'mwezi wa August caka comweco Ellerines anagwa, ndipo patapita masiku owerengeka banki yaikuru ya boma inaika African Bank m'manja mwa woyang'anira. Sitoro zambiri zinatsekedwa, zina zinagulidwa ndi makampani ena, ndipo anchito zikwi anabwerera kwao cimanjamanja.

Nanga ife titolepo ciani? Kukhumba kama wabwino si cimo. Bambo amene afuna kuti mkazi wace ndi ana agone bwino acita coyenera. Koma taonani: ngati kampani ya sitoro 1,000 inathyoka ndi ngongole, nanga banja la munda umodzi? Munthu wa m'tauni alandira kakhumi ndi kawiri pa caka, koma mlimi wa ku Mchinji alandira kamodzi, atagulitsa fodya, mtedza kapena soya. Pepala la ngongole silidziwa kuti mvula inabvuta. Ndipo kawiri kawiri katundu wogula motere akhalabe wa mwini sitoro kufikira mutatsiriza kulipira. Mukalephera, angathe kudzamtenga ana ali kupenya.

Cifukwa cace, musanadinde cala pa pepala liri lonse, funsani zinthu ziwiri: mtengo wolipira lero lomwe, ndi ndarama zonse zimene mudzakhala mutapereka potsiriza. Mwamuna asagule mobisira mkazi, kapena mkazi mobisira mwamuna, pakuti ngongole ikafika pakhomo sisankha. Polembera ana anu a ku Joni, muwauze kuti mufuna iwo eni, si firiji ai. Ndipo musaiwale mmisiri wa matabwa wa pamudzi panu, amene nchito yace ndiyo ya Yosefe Woyera. Mpando wace mukaulipira, ngwanu.

Mulungu adalitse mabanja anu onse.