Chipululu chidasunga ndege zaka 70, woyendetsa wake sichidamusunge

Mukaiwala khasu m'munda kuno ku Mwanza mvula yoyamba isanagwe, podzalipeza mu March limakhala litafiira ndi dzimbiri, mpini utadyedwa ndi chiswe. Ndiye tangoganizani chitsulo chomwe chidakhala panja zaka 70, popanda denga kapena mlonda, anthu n'kuchipeza utoto wake ukuonekabe.

Zidachitika ku Egypt. Pa 28 June 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, msilikali wa ku Britain wa zaka 24, Dennis Copping, adanyamuka pa ndege yankhondo ya mtundu wa Kittyhawk P-40. Ndegeyo idali ndi vuto ndipo amakaisiya kokakonzedwa. Adasochera, osaonekanso. Kumayambiriro kwa 2012, munthu wina wa ku Poland wogwira ntchito yofufuza mafuta adaipeza ili khale m'chipululu cha Sahara, kutali ndi mudzi uliwonse. Mapiko adali pomwepo, mfuti ndi zipolopolo zili momwemo. Pambali padali zidutswa za parachuti, ndipo wailesi ndi mabatire zidali zitatulutsidwa panja. Izi zikusonyeza kuti Copping adatera wamoyo, adayesa kudzipangira mthunzi komanso kuitana anzake.

Nanga idalekeranji kuola ngati khasu lanu? Kuti chitsulo chichite dzimbiri pamafunika madzi ndi mpweya wa okosijeni, ndipo mchere ukakhalapo ntchitoyo imafulumira. Thupi la ndege zoterezi lidali la aluminiyamu, chitsulo cha mapoto athu chija, chosakaniza ndi kopa pang'ono kuti chilimbe. Aluminiyamu imadzikuta yokha ndi kachikopa kosaoneka ndi maso komwe kamaiteteza. Vuto limayamba pomwe zitsulo ziwiri zosiyana zakhudzana pali chinyezi: zimachita ngati batire, china n'kumadyeka pang'onopang'ono. M'chigawo chimenecho cha Sahara zaka zimatha kudutsa mvula osagwa. Kulibe chinyezi, kulibe chiswe, kulibe nkhungu. Adani ake adali dzuwa, lomwe limaononga nsalu ndi labala, ndi mchenga wouluka wopala utoto. Basi.

Kuuma komweko ndiko munthu sangalimbane nako, ndipo apa ndi pomwe nkhaniyi imandikhudza ngati wachipatala. Mwa munthu wamkulu wolemera makilogalamu 60, makilogalamu pafupifupi 36 ndi madzi. Kukatentha kwambiri, munthu woyenda padzuwa atha kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola limodzi, mwinanso kuposa. Madzi akachepa, magazi nawo amachepa, mtima umathamanga kuti ukwanitse ntchito, impso zimayamba kuumira mkodzo. Mkodzo umatuluka wochepa, wachikasu kwambiri. Kenako mutu, chizungulire, kufooka. Choopsa kwambiri chimabwera pomwe ubongo wayamba kusokonezeka, chifukwa munthu amataya nzeru zomwe zikadamupulumutsa: amayenda masana m'malo mobisala, amasiya mthunzi, amataya njira. Thupi likatentha kupitirira madigiri 40, ziwalo zimayamba kulephera.

Tikudziwa momwe masiku otere amakhalira chifukwa cha ndege ina ya ku America yotchedwa Lady Be Good, yomwe idasowa m'chipululu cha Libya mu April 1943 n'kuonedwa mu 1958. Asilikali 8 mwa 9 omwe adalimo adatera bwino pa maparachuti n'kuyamba kuyenda akugawana madzi a m'botolo limodzi. Mmodzi wa iwo amalemba m'kabuku tsiku ndi tsiku, ndipo zolembazo zidatha patadutsa masiku pafupifupi 8. Mitembo ya ambiri mwa iwo idapezeka mu 1960. Copping adasowa mu June, mwezi wotentha kuposa April, ali yekha. Dzina lake lili pa chipilala cha ku El Alamein cha asilikali opanda manda odziwika.

Musati izi n'za ku Sahara kokha. Mu October timalandira anthu otere: bambo wochokera kootcha njerwa, dalaivala yemwe watha tsiku lonse pamzere wa mathiraki pachipata cholowera ku Zobue, mwana wotsegula m'mimba. Njira ya matendawa ndi yomweyo, kungoti ife tili ndi Thanzi ndi diripi pafupi. Munthu akayamba kulankhula zosagwirizana ali wotentha thupi, muikeni pamthunzi, mthireni madzi pathupi, thamangirani naye kuchipatala. Wosadziwa kanthu musamumwetse, angatsamwe.

Tibwerere kundege ija. Zomwe chipululu chidalephera pa zaka 70, anthu adazichita pa miyezi yochepa. Zithunzi zitafala, alendo adayamba kufikako. Magalasi adaswedwa, zipangizo zina zidazulidwa. Asilikali a Egypt adachotsa mfuti ndi zipolopolo, ndipo chaka chomwecho ndegeyo idamasulidwa n'kuikidwa mu kontena kupita ku El Alamein. Nyumba yosungira ndege zakale ya RAF Museum ku Britain idapereka ndege ina, Spitfire, ngati malipiro a ntchito yoichotsa m'chipululu, poyembekezera kuti Kittyhawk ipita ku London. Sidapite. Mu 2017 idaonekera pabwalo la nyumba yosungira za nkhondo ku El Alamein, itakonzedwa, itapakidwa utoto wowala, kukamwa atajambulako mano a shaki. Mano amenewo adali chizindikiro cha gulu lina la ndege, osati la Copping.

Kwa ine kumeneko n'chimodzimodzi kung'amba buku la kuchipatala la wodwala n'kumugulira lachikuto chokongola. Kusukulu ya zaumoyo adatiphunzitsa kuti bala usanalitsuke ulione, uliyeze, ulembe. Akatswiri osunga zinthu zakale amatero: amajambula chilichonse pomwe chagona, amalemba kuti batire lidali mbali iti, phiko lidapindika motani, asanasunthe ngakhale bawuti imodzi. Kupindika kwa chitsulo kumanena liwiro lomwe ndege idatera nalo. Mukawongola n'kupaka utoto, umboniwo wapita. Onjezani kuti El Alamein ili m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, kwa mphepo yachinyezi ndi mchere, zinthu ziwiri zomwe ndegeyo idazipewa kuyambira 1942.

Kusunga bwino n'kotheka, koma kumafuna kudekha. Mu June 2013, RAF Museum yomweyo idavuula m'nyanja ndege ya ku Germany, Dornier 17, yomwe idagwetsedwa mu 1940. Sadathamangire kuipaka utoto. Adaiika m'mashedi n'kumaiwaza kwa nthawi yaitali madzi osakaniza ndi asidi wa sitiriki kuti mchere ndi zokakamira za m'nyanja zichoke. Asidi ameneyu ndi yemwe amawawasitsa mandimu ndi manachesi athu a ku Mwanza.

Ifenso nkhondo tidakhala nayo pakhomo. Ya ku Mozambique idatha mu 1992 itathamangitsira anthu pafupifupi 1 miliyoni m'dziko muno, ambiri kudzera m'maboma a m'malire ngati lathuli. Pa 6 November 1987, ndege ya Air Malawi ya mtundu wa Skyvan, yochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe, idaomberedwa pafupi ndi Ulongwe wa m'chigawo cha Tete, osati wa ku Balaka, ndipo anthu onse 10 adafa. Dziko la Mozambique lidalengeza mu 2015 kuti lachotsa mabomba onse okwirira omwe amadziwika malo ake. Mawu oti "omwe amadziwika" muwamvetse. Zipolopolo ndi mabomba osaphulika zimatha kutsala m'tchire, ndipo kwathu kuno dzimbiri silizichotsa ukali: limadya chitsulo cha kunja, onga uli m'katimo.

Masiku ano zitsulo zakale zili ndi msika, ana amazitola n'kukagulitsa pa sikelo. Chitsulo cha nkhondo sichili ngati mphika wobooka. Kuwonjezera pa zophulika, mawotchi a ndege za m'ma 1940 adali ndi utoto wowala mumdima wokhala ndi radiyamu. Mphamvu ya radiyamu imatenga zaka 1,600 kuti ichepe ndi theka. Galasi likasweka, fumbi lake likalowa m'thupi, thupi limalitenga ngati kashiyamu n'kulisunga m'mafupa, komwe lingayambitse khansa patapita zaka. Atsikana omwe ankapaka utotowu m'mafakitale a ku America m'ma 1920, akunyambita burashi kuti isongoke, ambiri adaola nsagwada.

Mukapeza chitsulo chachilendo polima kapena pofuna nkhuni ku Thambani kapena kwina kulikonse m'malire, musachikhudze, musachigogode, musachiike pamoto. Bwererani momwe mwadzera, ikani chizindikiro patali, letsani ana ndi ziweto. Uzani amfumu ndi apolisi. Iwo ndiwo amaitana asilikali odziwa kuchotsa zophulika. Ngati muli ndi foni jambulani muli patali, ndipo chilichonse chisiyeni momwe chagonera.