Sampu yonyezimira ya giyabokosi: yabwino ku Dubai, nanga kumudzi?

Amalawi ambiri amene tikugwira ntchito kuno ku Dubai timalota zofanana: kugula pikapu, kuikweza sitima padoko la Jebel Ali, ikafike kumudzi izikanyamula feteleza, chimanga, ngakhale wodwala pakati pa usiku. Msika wake suli patali. Kuchokera ku Al Warqa komwe ndimakhala, ndi mphindi zochepa kufika ku Ras Al Khor, kumene kuli mabwalo a galimoto zakale zochokera ku Japan, za chiwongolero cha kumanja ngati zakwathu. Zimenezi siziyenda m'misewu ya kuno, zimangodikira ogula a ku Africa ndi Asia.

Kumeneko ndi kumene ndidagula Hilux ya otomatiki, ndalama za mashifiti ausiku a zaka zingapo. Makaniko amene adaiyeza adandilangiza kuti ndichotse sampu ya giyabokosi imene idabwera ndi galimoto, ndiike ina ya aluminiyamu, yakuya, yopangidwa ndi kampani ina. "Sister, giyabokosi imafa ndi kutentha," adatero. Sadaname. Koma ife anamwino sitipereka mankhwala tisadafunse kuti wodwalayo amakhala kuti ndipo amagwira ntchito yanji.

Kwa amene simudagonepo kunsi kwa galimoto, sampu ndi kabeseni kachitsulo komangidwa ndi mabawuti pansi pa giyabokosi ya otomatiki. Oyilo amasonkhana m'menemo. Muli fyuluta, komanso timaginito togwira tizitsulo tonyenyeka. Oyilo ameneyu ndiye amasintha magiya, kufewetsa zitsulo ndi kuchotsa kutentha. Akapsa amada, amanunkha zopserera, kenako magiya amayamba kuterereka. Mtengo wokonzera giyabokosi yotere umatha kukugonetsa ndi njala.

Sampu zogula paderazi, monga za PML, Mag-Hytec ndi B&M za ku America, zili ndi ubwino wake. Zakuya zimaonjezera oyilo, nthawi zambiri malita 2 kapena 3, ndiye amachedwa kutentha. Kunja kwake kuli timizere tothandiza kuti mphepo iziziziritsa. Zili ndi bawuti yokhetsera oyilo, chinthu chimene sampu zambiri za mapikapu a ku America zilibe. Ndi zokhuthala, choncho m'mphepete mwake simupindika msanga n'kuyamba kudontha.

Kuno ku Al Warqa n'zomveka kuti anthu azifuna zimenezi. Pamageti a nyumba za eni dziko pamakhala ma GMC Sierra ndi ma Ford F-150, ndipo kumathero a sabata mumawaona pamsewu wa E44 akukoka ngolo za njinga zamoto kupita kumchenga wa ku Lahbab. Mu July ndi August kutentha kumapitirira madigiri 40 tsiku ndi tsiku. Galimoto yokoka katundu paphula losalala, padzuwa lotero, imapindula ndi oyilo wochuluka.

Koma walira mvula walira matope. Sampu yakuya imatsikira pansi, kuyandikira nthaka. Msewu wopita kwathu ku Ntchisi, ukangosiya phula, uli ndi mtumbira pakati, ndipo mvula ikakokolola dothi pamatsala miyala yosongoka. Sampu yachitsulo ikagunda mwala imangobonyoka, galimoto n'kufika kunyumba. Ya aluminiyamu woumbidwa imatha kusweka, oyilo yense n'kuthera pansi, ndipo otomatiki yopanda oyilo siyenda ngakhale pang'ono. Chitsulo amachiwongola ndi hamala, n'kuchiwotcherera pa sitolo iliyonse pamene pali magetsi. Aluminiyamu amafuna makina ake ndi mmisiri wake, mwina mpaka ku Lilongwe. Sampu ya Hilux wamba mukhoza kuisaka kwa ogulitsa masipeyala ku Biwi, koma yochokera ku America mudzaiitanitsa ndi kudikira, galimoto ili pamiyala, chimanga chikudikira kumunda.

Chinanso n'chakuti oyilo wochuluka amangochedwetsa kutentha, sakuletsa. Galimoto zambiri zathu zimatsikira ku Dar es Salaam, n'kulowa pachipata cha Songwe, kudutsa Karonga, kenako kukwera mapiri a Chiweta pamsewu wa M1. Pachitunda chachitali chotero, galimoto italemedwa, malita oonjezerawo nawo amatentha. Chimene chimachotsadi kutentha ndi kalediyeta ka oyilo wa giyabokosi, koikidwa kutsogolo kumene kumawomba mphepo. Ngati galimoto yanu izikagwira ntchito ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene mu October kumatentha ngati kuno, ndalama yanu iyambire pamenepo.

Ine ndidasiya sampu imene idabwera ndi galimoto. Ya Toyota ili kale ndi bawuti yokhetsera oyilo, ndiye phindu limodzi lalikulu ndidali nalo kale. Ndidauza makaniko aimasule, atsuke timaginito ine ndikuona, asinthe fyuluta ndi gasiketi, athire oyilo watsopano. Ndalama yotsala ndidagulira chitsulo chotchinga kunsi kwa galimoto, komanso oyilo ndi fyuluta zina zoti mchimwene wanga akasunge. Timaginito timanena zoona ngati magazi kulabu: kaphala kotuwa kosalala n'kachibadwa, koma tizidutswa tonyezimira ndi chizindikiro choti mkati mwayamba kudyeka, ndipo sampu yatsopano singachize zimenezo.

Ngati yanu ikhala kuno, kapena izingoyenda paphula pakati pa Blantyre ndi Lilongwe ikukoka katundu, sampu yakuya si yoipa. Koma gulani potengera nambala ya giyabokosi, osati dzina la galimoto lokha, chifukwa Hilux za zaka zosiyana zili ndi magiyabokosi osiyana. Funsani ngati ikufuna fyuluta yaitali kapena kapaipi koonjezera kuti izikoka oyilo pansi penipeni. Mabawuti ake ndi aang'ono, amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu, mopingasa, osati kukoka mpaka thukuta. Oyilo akhale wolembedwa m'buku la galimoto: Toyota zambiri zatsopano zimafuna ATF WS, zakalepo T-IV, ndipo kusakaniza mwachisawawa n'kudziputira mavuto. Zambiri zatsopanozi zilibenso kandodo koyezera oyilo. Mlingo wake amauona pakabawuti kapadera, injini ikulira, oyilo atafunda kufika pamadigiri amene bukulo likunena. Makaniko wongothira n'kutseka, m'thaweni.

Dziwaninso kuti kukhetsa sampu sikutulutsa oyilo yense, wambiri amatsalira mkati mwa giyabokosi. Choncho amene adzayendetse galimotoyo kumudzi muwauze tsiku ndi makilomita pamene oyilo adasinthidwa, muwalembere m'kabuku kokhala m'galimoto momwemo. Muwauzenso kuti akaona madontho ofiira pansi m'mawa asanene kuti tionabe, aimbe foni tsiku lomwelo. Inu muli kutali, ndipo pikapuyo ikaima, sipadzakhalanso wina woti atumize ndalama yokonzera koma inu nomwe.