DZINA LA MANGADZI LAUTSA MTSUTSO KU CHINSAPO

Anzanga alimi, sabata ino tiyambe taleka za feteleza ndi anankafumbwe, tikambeko za dzina la mwana.

Mwezi wathawu ndinali ku Chinsapo, mu Lilongwe, kukaona madimba a m'mbali mwa mtsinje. Pa nyumba ina ndinapeza anthu atasiyana maganizo. Mwana wamkazi anali atangotuluka m'chikuta, mchombo utagwa, ndipo agogo ache ochokera ku Malingunde anamutcha Mangadzi. Bambo wa mwanayo, mnyamata wopalasa kabaza, sanakondwe. Koma inu mudziwa kuti mkamwini satsutsana ndi apongozi ache maso ndi maso, tsono mau ache anadzera mwa mkazi wache: "Amai, akuti anzache adzamseka kusukulu. Ku Biwi ngakhale ku Kawale palibe mwana wa dzina lotere. Iwo afuna Tadala." Gogoyo anati, "Nchifukwa chache ndamutcha, mwana wanga. Ukaitana Tadala pa mjigo amacheuka ana asanu."

Kodi Mangadzi anali yani? Ambiri a ife taiwala. Mbiri ya makolo imati ndiye mai wa mfunda wa Banda amene anayamba kukhala Makewana, ndiko kuti mai wa ana onse. Kachisi wa Makewana anali ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, m'boma lomweli la Lilongwe. Mseu wochoka ku Chinsapo kudzera pa Likuni ndi Malingunde umaloza dera lomwelo. Mvula ikakana, mafumu ankatumiza mphatso kwa Makewana kuti apemphe kwa Chauta. Iye sankameta tsitsi, pakuti anthu ankati akameta mvula ileka. Anali ndi akazi omtumikira otchedwa Matsano, ndiponso ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri. Wofuna zambiri za Achewa akale afunefune buku la Samuel Nthara lotchedwa Mbiri ya Achewa.

Nditafotokoza zimenezi ndinayesa kuti ndathetsa nkhani. Ai ndithu, ndinaikoleza! Mai wina wa chigwirizano anati dzina la kunsembe siliyenera mwana amene adzabatizidwa. Mkulu wina anati dzinalo nlolemera, monga la Nyangu, mai wa Kalonga, limene mpaka lero nla udindo kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia. Iye anati munthu wamba sasenza dzina lotere. Koma mphunzitsi wa nyumba yoyandikana analikonda, nati nlosabvuta kulemba, ndipo m'kaundula wache silidzasokonezeka ndi la mwana wina.

Ine maganizo anga ndi awa. Si dzina lakale liri lonse limene ndifuna libwerere. Alipo maina amene makolo ankatcha chifukwa cha chisoni kapena kudandaula, monga Maliro, Mwatitha ndi Ndaziona. Ana akamwalira motsatizana, wotsatirayo ankapatsidwa dzina lonyozeka kuti imfa imlambalale. Ena ankatcha dzina pofuna kulasa mkazi mnzao wa pamitala kapena mbale womganizira ufiti. Mwana wosalakwa nkumayenda ndi mkangano wa akulu mpaka imvi. Amenewo agone. Koma Mangadzi salasa munthu. Ndipo amene aopa kusekedwa akumbuke kuti Enelesi ndi Esinati, amene lero timati maina a agogo, anali achilendo pamene anafika ndi amishoni.

Chimodzi chokha chenjerani nacho. Kale dzina laubwana silinkakhalitsa. Mtsikana akabvinidwa ankalandira lina, akakula tinkamuitana Nabanda kapena Naphiri, akabala nkukhala make wa uje. Lero sizitero. Dzina limalembedwa pa kalata ya kubadwa, lipita kusukulu, lifika pa chiphaso cha unzika chimene tinayamba kulembetsa mu 2017, ndipo kulisintha nkobvuta. Chifukwa chache gwirizanani musanapite kukalembetsa, ndipo onetsetsani kuti mlembi walemba zilembo zonse bwino.

Sabata yatha ndinadzeranso pa nyumba ija kukaona mbeu ya tomato. Pa kalata analemba Mangadzi Tadala. Bambo ache akali kumuitana Tadala, koma gogo uja asanabwerere ku Malingunde anasiya nkhuku ya msoti, nati nja Mangadzi.