Musanagule kangolo kokayenda nako, yambani mwafunsa galimoto yanu

Ife okhala kwa Kamwendo kuno ku Mchinji tinazolowera kuona galimoto za alendo zikudutsa mumsewu wa M12 zitakoka tinyumba kumbuyo. Ambiri mwa alendowa amachokera ku South Africa. Amalowa m'dziko muno kudzera pachipata cha Mwami atakaona nyama ku South Luangwa, ulendo wa kunyanja. Kale tinkangoti zimenezo n'za azungu. Lero aphunzitsi, anamwino ndi anzathu ogula mtedza ndi soya ali ndi galimoto zawozawo, ndipo ena ayamba kufunsa kuti kodi kakalavani kotere kangapezeke bwanji kuti nawonso azitengako banja kokapitidwa mphepo Loweruka ndi Lamulungu.

Funsoli si lachibwana ayi. Bambo, mayi, ana atatu ndi kamdzukulu akafuna kugona kunyanja, zipinda ziwiri za pamalo ogona alendo zimadya ndalama kuposa mafuta a ulendo wonse. Pomwe ku Senga Bay kuli malo angapo amene munthu amalipira pang'ono n'kukhoma tenti yake. Vuto limakhala katundu. Matiresi, mbaula, makala, mapoto ndi zigubu za madzi zikalowa m'galimoto, ana amakhala mopanikizana, wina chikwama pamiyendo, lamba wapampando osamanga. Ine ndakhala ndikukoka kangolo kwa zaka zingapo tsopano, ndipo chifukwa changa chachikulu chinali chimenechi: katundu apite kumbuyo, ana akhale bwinobwino pamipando.

Koma langizo langa ndi lakuti musayambe ndi kusirira kalavani. Yambani ndi galimoto imene muli nayo pakhomo. Tinyumba ta alendo tija, tokhala ndi bedi, firiji ndi khitchini yosolola, tambiri timalemera kuposa tani imodzi tikapakiridwa, ndipo amatikoka ndi Land Cruiser kapena Hilux. Ife ambiri tili ndi Sienta, Probox, Passo kapena Nissan Note zochokera ku Japan. Izi zimabwera zopanda chitsulo chokokera ngolo, injini zake n'zazing'ono, ndipo zambiri zili ndi giyabokosi ya CVT imene siikonda kukoka zolemera pachitunda. Mukaiumiriza imatentha, ndipo mtengo woisintha mukuudziwa ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu. Funsani makaniko wodziwa ntchito, onaninso m'kabuku ka galimotoyo. Ngati galimoto siinapangidwe kuti izikoka, bola kugula tenti yabwino ndi keriyala ya padenga, nkhani ithere pomwepo.

Nambala yoti muisunge pamtima ndi 750. Laisensi ya Code B, imene ambirife tili nayo, imalola kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750, kuwerengera ngoloyo pamodzi ndi katundu wake. Kupitirira apo pamafunika Code EB, ndipo ngolo yolemera chotero imayenera kukhala ndi mabuleki akeake. Makilogalamuwa amamveka ambiri mpaka mutayamba kuwerengera. Tiyerekeze kangolo kopanda kanthu kakulemera 250. Zigubu zitatu za malita 20 ndi makilogalamu 60 kale, poti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Onjezani tenti, matiresi, thumba la makala, batire ya sola, ufa ndi ndiwo. Pobwerera mayi akagula mpunga ndi usipa ku Salima, apongozi n'kuwonjezerapo thumba la chimanga la makilogalamu 50, mwafika kale pamalire musanadziwe.

Chachiwiri, ganizirani msewu. Kuchoka kwa Kamwendo kukafika ku Senga Bay ndi makilomita oposa 200. Mumadutsa pa Waliranji, Namitete ndi Msundwe, pomwe tsiku la msika anthu, njinga za kabaza ndi ngolo za ng'ombe zimadzaza mpaka mumsewu. Mukapyola Lilongwe n'kulowa M14, pali zitunda ndi makona a ku Mvera potsetserekera ku Salima. Pamenepo kangolo kopanda mabuleki kamakankha galimoto kuchokera kumbuyo, ndiye mtunda woimira umatalika. Ine sindipyola makilomita 80 pa ola ndikamakoka, ndipo potsetsereka ndimatsitsa giya m'malo mopondereza mabuleki mpaka kununkha.

Njira ina yotiyandikira ndi M18, yoyambira pamphambano pathu pano kudutsa pa Kapiri ndi Santhe kukatulukira pa Chinkhoma. Imeneyi ndiyo yopitira ku Kasungu National Park, kumene mu 2022 anapititsako njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Ana ambiri a ku Mchinji sanaionepo njovu ngakhale ili pafupi chonchi. Koma misewu ya m'nkhalangomo ndi yafumbi, ndipo kangolo ka timatayala ting'onoting'ono, kokhala pafupi ndi nthaka, kamagunda pansi n'kuthyoka masipuling'i. Sankhani kotalikirako kuchoka pansi. Ngati n'kotheka, matayala ake akhale a saizi imodzi ndi a galimoto yanu, mabawuti akenso ofanana, kuti sipeya imodzi izithandiza zonse ziwiri. Tayala lachilendo likaphulika pa Santhe Lamulungu masana, mudzagona pomwepo.

Tsono kogula n'kuti? Ena amaitanitsa timangolo ta Venter kuchokera ku South Africa, tachivindikiro chokiya tija. N'topepuka, sitilowa madzi, ndipo takaunjika timapezeka mu Lilongwe mwa apo ndi apo. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Penti yatsopano isakupusitseni. Gwadani muone kunsi ngati felemu siinadyeke ndi dzimbiri. Kwezani tayala ndi jeke, mulizungulitse, muligwedezenso. Likamalira kapena kuseweraseweranso, mabering'i atha. Funsani mapepala ake musanatulutse ndalama, chifukwa ngolo yolowa m'dziko mozemba msonkho wa MRA idzakuvutani polembetsa.

Ena amapita kwa owotcherera zitsulo, ndipo amisiri aluso tili nawo. Ubwino wake ndi woti mumanena nokha mmene mukufunira. Choti musamale n'chakuti mmisiri wozolowera kupanga ngolo za ng'ombe amakonda zitsulo zochindikala ndi ekiselo ya galimoto yakale, ndiye kangolo kamatuluka kolemera kale kasananyamule kanthu. Ngolo ya ng'ombe imayenda pang'onopang'ono, pamene iyi izithamanga pakati pa mathiraki. Pokolekera pakhale cholumikizira chenicheni chogula, chogwira mpira wachitsulo wa mamilimita 50, osati bawuti yolowetsa pabowo. Pakhalenso tcheni chachitetezo, magetsi a mabuleki, maindiketa ndi zonyezimira usiku. Mukatero kalembetseni ku Road Traffic kuti kakhale ndi nambala yake, ndipo auzeni a inshulansi kuti mwayamba kukoka ngolo. Safunsa anadya phula.

Kapakiridwe nako n'kofunika ngati kagulidwe. Zolemera, monga madzi ndi batire, ziikeni pansi, pamwamba pa ekiselo, mopendekera kutsogolo pang'ono. Mukaziunjika kumbuyo, kangolo kamayamba kuvina uku ndi uku liwiro likakwera, ndipo kangathe kugwetsa galimoto. Kakayamba kutero musaponde mabuleki mwadzidzidzi. Chotsani phazi pa moto, gwirani chiwongolero mowongoka, liwiro litsike lokha. Ndipo chonde abale, munthu asakwere m'kangolo. Ngakhale mwana alire chotani, ngakhale achibale achuluke pamaliro kapena paukwati, mmenemo ndi mwa katundu basi.

Kwa ofuna kuwolokera ku Zambia, mtunda si wautali ndipo chipata cha Mwami chinasanduka cha malo amodzi kumapeto kwa 2022, moti zonse mumathera m'nyumba imodzi. Komabe kangolo kamawerengedwa pakokha. Tengani mapepala ake, ndipo Yellow Card ya COMESA ikatchulenso, osati galimoto yokha.

Mfundo yomaliza ndi ya m'thumba. Banja la kwa Kamwendo likayenda kwambiri ndiye kanayi kapena kasanu pachaka, pa Khrisimasi, pa Isitala, pa Tsiku la Anakubala pa 15 October. Kalavani ya bedi ndi makabati masiku ena onsewo imangokhala pansi pa mtengo wa mango, makoswe akuswerana m'matiresi. N'chifukwa chake ine ndimalimbikitsa kangolo wamba ka bokosi, kokhala ndi chivindikiro kapena lona yolimba. M'kati mwa sabata kanyamule feteleza, mtedza wopita kumsika ndi simenti, m'malo mophwanya mipando ya galimoto. Lachisanu mukatsuke, muikemo tenti, maneti a udzudzu ndi mbaula. Kotere kamabweza ndalama zake, ndipo pakhomo sipakhala mkangano woti bambo anagula chidole pamene fizi ya ana isanalipidwe.

Ulendo woyamba usakhale wa kunyanja. Pakirani katundu yense monga mukupitadi, mupite ku boma la Mchinji n'kubwerako. Phunzirani kubwerera chambuyo pabwalo la mpira, chifukwa kangolo kamakhotera kosiyana ndi kumene mwapotozera chiwongolero. Mukaima, gwirani pakati pa matayala. Pakatentha mosagwirika, kathireni girisi kapena musinthe mabering'i musanakweze ana.